Tsitsi lopsa ndi mankhwala silichira, samalani limene likumera

Mawu amene anayankhula mayi mnzathu pa msonkhano wa kalabu ya omvera wailesi, kufupi ndi Fingoé

 Ndapatsidwa mpata woti ndiyankhulepo pa nkhani ya tsitsi. Ndaona kale azibambo ena akumwetulira, ati kodi nkhani za chitukuko zatha kuti lero tikambe za kumutu? Dikirani kaye abambo. Ndalama imene ikuthera ku tsitsiyo ndi yomwe ija munaipeza mutagulitsa fodya, thonje ndi nsawa. Komanso dayi wakuda wobisa imvi uja, sindikuloza munthu, koma si azimayi okha amene amakamugula pa msika.

Ine si namwino ayi. Ndine mlimi ngati inu nomwe, sukulu ndinalekera ku pulayimale. Zimene ndinene pano zina ndinaziona kwa agogo anga, zina tinafunsa a zaumoyo, zina ana asukulu amatiwerengera pa foni, ndipo zambiri ndaziyesa ndi manja angawa pa mitu ya abale anga.

Tiyambe ndi kulidziwa tsitsilo. Mukamawenga zikhadabo simumva kuwawa, eti? Tsitsinso n'chimodzimodzi. Chamoyo ndi muzu umene uli m'kati mwa khungu. Ili tikuliona kunjali ndi lakufa kale, lilibe magazi. Ndiye mumvetse apa, chifukwa nkhani yanga yonse yagona pomwepa: chala mukachitema ndi chikwanje chimapola, koma tsitsi likapsa silipola. Palibe mafuta, kaya a botolo lokongola bwanji, amene angalibwezere mmene linalili. Chimanga chikapsa ndi lupsa simuchithirira kuti chibereke. Mumasamala munda kuti chomera pambuyo chikule bwino.

Tsitsi lililonse lakutidwa ndi timamba ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, togonerana ngati mamba a pende ya ku Cahora Bassa. Timambato tikagona bwino, tsitsi limawala ndipo limasunga chinyontho. Tikadzuka kapena kusupuka, madzi amalowa msanga n'kutulukanso msanga, tsitsi limakhala gwa ngati udzu wa mu Okutobala, limakolana, limaima nyankhalala. Tsono lathuli ndi lopotana ngati kachingwe ka dzungu kaja kogwirira pa phesi. Khungu la m'mutu limatulutsa mafuta ake, koma mafutawo amavutika kuyenda m'mapotopoto onsewo kuti akafike kunsonga. N'chifukwa chake tsitsi lathu limauma ngakhale tisanalilakwire chilichonse. Ndipo paliponse pamene lapindika ndi pofooka, m'pamene limadukira.

Onjezerani moyo wathu wa kuno ku Marávia. Kuyambira Ogasiti mphepo ndi fumbi, Okutobala dzuwa loswa mtengo, utsi wa kukhitchini tsiku ndi tsiku, nkhata pamutu m'mawa ndi madzulo. Madzi a m'mijigo ina ndi amchere, sopo sachita thovu, ndipo amasiya zoyerayera m'tsitsi. Pamwamba pa zonsezo ndiye tikubwera ife ndi mankhwala.

Mankhwalawo alipo a mitundu itatu imene ikuyenda kwambiri kuno, kaya yachokera ku Tete, kaya yalowa kuchokera ku Zambia, ku Katete kapena ku Petauke.

Oyamba ndi owongola tsitsi, amene ena timati pemu, ena desifirizo. Ambiri mwa amenewa muli soda yemwe uja woyabwa wopangira sopo. Amene munapangapo sopo mukudziwa mmene amachitira akakudontherani pa dzanja. Ena analembedwa kuti alibe soda ameneyu, koma muli achibale ake, ndipo amaumitsa tsitsi kwambiri. Ntchito ya mankhwalawa ndi kuthyola mphamvu ya m'kati mwa tsitsi kuti ligone. Ndiye tsitsi lowongoka lija, ngakhale likuwala, ndi tsitsi lothyoledwa kale msana.

Achiwiri ndi oyeretsa, amene anyamata athu akukonda kuti mutu ukhale wachikasu ngati osewera mpira a pa kanema, ndi atsikana ofuna tsitsi lofiirira. Kuti tsitsi lakuda lisanduke lachikasu, mankhwalawo amakanula timamba tija, n'kulowa m'kati, n'kudya ukuda wake. Limatsala ngati phesi lofumbwa ndi chiswe, kunja lilipo koma m'kati mulibe kanthu.

Achitatu ndi dayi wakuda. Pa ameneyu ndichedwepo pang'ono, chifukwa vuto lake silithera pa tsitsi. Mu dayi wakuda wambiri muli mankhwala otchedwa PPD. Pa katoni amalemba dzina lalitali, p-phenylenediamine, kapena p-fenilenodiamina ngati katoniyo ndi ya Chipwitikizi. Anthu ambiri sawavuta. Koma ena thupi lawo limadana nawo, ndipo likadana nawo kamodzi ndiye kuti mpaka kalekale. Chovuta n'chakuti munthu atha kudaya zaka zisanu bwinobwino, chaka chachisanu ndi chimodzi n'kudzuka makutu ali matuza okhaokha, khungu likuchucha madzi, maso atatupa osaona. M'mudzi mwathu zinachitikira abambo ena achikulire atadayira ukwati wa mwana wawo. Anthu anayamba kale kunong'ona kuti awalodza apongozi. Sanali apongozi ayi, anali kapaketi ka pa msika.

N'chifukwa chake pa katoni amalemba kuti muyese kaye. Sungunulani pang'ono, pakani kadontho kuseri kwa khutu, dikirani maola 48, amene ndi masiku awiri athunthu. Pakayabwa, kufiira kapena kutupa, dayi ameneyo si wanu, ndipo musakayese wa dzina lina poganiza kuti ndi wosiyana. Wina akatupa nkhope kapena milomo, kapena akubanika, musadikire kuti kuche. Pezani njinga yamoto, thamangani naye ku chipatala, kapaketiko mutenge. Ndipo ufa wa dayiwu muziusunga ngati mmene mumasungira mankhwala a thonje. Mwana akaumwa ndi poizoni, umatupitsa kukhosi ndi kuononga impso.

Pali chinanso chimene chimativuta ife a m'malire. Katundu wochokera ku Zambia analembedwa Chingerezi, pamene ana athu amaphunzira Chipwitikizi. Ogulitsa ena amachita kutapa m'chidebe chachikulu n'kumanga m'timapepala ta pulasitiki, popanda dzina, popanda tsiku lothera ntchito. Ine maganizo anga, mankhwala opanda katoni asafike pamutu pa munthu. Ngakhale a katoni yokongola, paja amati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere. Yang'anani pamene alemba validade kapena EXP.

Za pemu pali nkhani imene ndikufuna azimayi anzanga muimve bwino, osati kuti muchite mantha, koma mudziwe. Mu 2022 bungwe la boma la America la National Institutes of Health linatulutsa zotsatira za kafukufuku wa azimayi oposa 33,000 amene linawatsatira kwa zaka pafupifupi 11. Anapeza kuti mwa azimayi osawongola tsitsi ndi mankhwala, osakwana 2 pa 100 aliwonse ndi amene angadwale khansa ya m'chiberekero pofika zaka 70. Mwa amene amawongola koposa kanayi pa chaka, anali 4 pa 100. Iyi si khansa ya khomo la chiberekero ija timakayezetsa ku chipatala, ndi ya m'kati mwenimweni. Mukuona kuti ambiri sadwala, komabe chiwerengero chakwera kawiri. Mankhwala amalowa m'thupi mosavuta pamene khungu lapsa kapena pali zilonda. Ndiye zija timauzana kuti pirira, ukamva kuwotcha ndiye kuti akugwira, zimenezo tisiye. Kuwotchako ndi khungu likupsa.

Tsopano tibwere kwa amene tsitsi laonongeka kale. Apa ndinena zimene ndinachita ndi mng'ono wanga.

Iyeyu anapita ku Tete ku ukwati wa mnzake. Pa saluni ina kumeneko anamuwongola tsitsi, tsiku lomwelo n'kumudaya lofiirira, mawa lake n'kumuluka meshi yolemera. Anabwera kuno akuwala, tonse tinamuyamikira. Patatha masabata atatu anabwera kwathu usiku atafunda mpango. Pomasula meshi ija, tsitsi linkachokera limodzi ndi meshiyo. Kunkhongo kunatsala timizere, chipumi chinakwera mpaka pakati pa mutu. Analira, ati achemwali ndimeta mpala, anthu aziyesa ndili pa maliro. Anali atagula kale mabotolo awiri a mafuta olembedwa kuti amabwezeretsa tsitsi, ndalama yake yokwana kugula mbewu ya munda wake wonse wa nsawa.

Choyamba ndinamulanda mankhwala onse. Pemu ayi, dayi ayi, chipeso chamoto ayi, meshi ayi. Ndinamuuza kuti chaka chathunthu. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita 1 pa mwezi, lathuli mwinanso kucheperako pang'ono. Ndiye kuti pa chaka mupeza lotalika ngati chala chapakatichi kapena kuposerapo pang'ono. Palibe chidule. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kumeta mpala sikofunika ngati munthu sakufuna. Ife tinkadula kunsonga pang'onopang'ono ndi sizasi yakuthwa, miyezi iwiri iliyonse, mpaka lopsa lonse linatha. Nsonga yong'ambika mukaisiya imapitiriza kung'ambika kukwera m'mwamba ngati nsungwi. Malo oopsa kwambiri ndi pamene latsopano lopotana likukumana ndi lakale lowongoka. Pamenepo m'pamene limadukira mukakoka ndi chipeso.

Kutsuka, kamodzi pa sabata n'kokwana, nthawi yozizira ya Juni ndi Julayi ngakhale pa masabata awiri. Koma chonde, sopo waufa wochapira zovala asafike m'mutu. Ameneyo anapangidwa kuti achotse mafuta pa malaya, ndiye amachotsanso onse a m'tsitsi. Sopo wamtanda nayenso ndi waukali pa tsitsi lopsa. Amene angathe kugula shampu agule, atsukire khungu, osati kufikisa tsitsi ngati akuchapa thumba. Amene sangathe, agogo athu anatisiyira chewe. Inde, chewe yemweyu timadyera nsima. Tengani masamba odzaza manja awiri, atikiteni m'madzi ofunda mpaka madziwo atanande, sefani ndi kansalu, tsukirani. Kuterera kwakeko kumamasula tsitsi lokolana popanda kulidula. Therere lobala nalonso limachita chimodzimodzi mukaliwiritsa pang'ono n'kusefa. Koma musathiremo chidulo kapena soda ngati mukuphika ndiwo! Chidulo ndi mbale wake wa mankhwala aja tikuwathawa. Chewe amapezeka nthawi ya mvula, ndiye muzifutsa wina, wouma amagwiranso ntchito.

Nthawi ya dzinja ikani beseni pansi pa malata, mutaye oyamba aja a fumbi, otsatirawo musunge. Madzi a mvula ndi ofewa, tsitsi limawakonda kuposa a pa mjigo. Ngati muli ndi a pa mjigo okha, potsukuluza pomaliza finyirani supuni imodzi ya madzi a ndimu mu lita imodzi ya madzi. Zimathandiza kugoneka timamba tija ndi kuchotsa zoyerayera. Osachulutsa, ndipo ngati m'mutu muli zilonda musayerekeze.

Tsopano za mafuta, pamene ambiri timasokonezera. Timaona tsitsi lauma, timatapa Vaseline n'kumata. Mawa lauma, timamatanso. Mapeto ake fumbi lonse la mumsewu lakakamira m'mutu, tsitsi lili nyezinyezi kunja koma likuthyoka ngati kale. Anzanga, mafuta sanyowetsa. Chonyowetsa ndi madzi. Ntchito ya mafuta ndi kutsekera kuti madziwo asathawe msanga. N'chimodzimodzi kuphimbira kumene alangizi amatiphunzitsa. Mapesi mumayala pa nthaka yonyowa kuti chinyontho chikhalitse. Mukayala pa nthaka youma, pansipo pakhala pouma basi. Ndiye madzi ayambe, mafuta atsatire. M'mawa nyowetsani manja, sisitani tsitsi mpaka lifewe, kenaka kadontho ka mafuta, makamaka kunsonga, chifukwa nsonga ndiye nkhalamba ya tsitsi, yaona dzuwa lambiri.

Mafuta ake ati? Agogo anga ankadzola a nsatsi. Amakazinga nsatsi, kusinja, kuwiritsa m'madzi, mafuta n'kuyandama pamwamba, n'kumawayengula. Ndi olemera, amakhalitsa, ndipo nsatsi zikungomera zokha m'mabwinja ndi kuseri kwa makola. Chenjezo lake ndi limodzi: njere za nsatsi ndi zotsalira zake ndi poizoni, zisakhale pofika ana, nkhuku kapena mbuzi, ndipo mtondo ndi mphika wake zikhale zapadera. Ngati akulemerani, sakanizani ndi a mpendadzuwa kapena a nsawa. Amene ali ndi m'bale wopita ku Quelimane kapena ku Inhambane amutume mafuta a kokonati. Amenewo amalowa m'kati mwa tsitsi, ndipo mukapaka usiku woti mawa mutsuka, tsitsi silifooka kwambiri ndi madzi. Peyala lakupsa kwambiri loti simungadye, lipondeni bwinobwino, pakani, fundani pepala la pulasitiki kwa theka la ola, tsukani. Limafewetsa. Koma ndisakunamizeni kuti zimenezi zimameretsa tsitsi. Zimangoteteza kuti limene lamera lisaduke. Ambiri amene amati tsitsi langa silikula, likukula ndithu, koma likuduka kunsonga mofanana ndi mmene likumerera kumuzu.

Kupesa ndiye kumatha tsitsi lambiri kuposa dayi amene. Tsitsi louma musalipese. Mukamva kuti thethethe m'chipeso, limenelo ndi tsitsi likuthyoka. Linyowetseni, ligaweni zigawo zinayi kapena zisanu ndi chimodzi, yambani ndi zala, kenaka chipeso cha mano otalikirana, kuyambira kunsonga kutsikira kumuzu. Mng'ono wanga ndinkamuluka mizere ikuluikulu yosakoka, nthawi zina kumumanga ndi ulusi ngati kale, n'kukhala nazo sabata kapena awiri osagwiragwira. Usiku ndi popita kumunda ankayamba wamanga kansalu koterera, kaja atelala amaika m'kati mwa diresi, duku la kapulana pamwamba. Nsalu ya thonje imamwa mafuta ndipo imakhula tsitsi. Pansi pa nkhata naponso kansalu komweko kamathandiza.

Za chipumi chija ndinenepo mwapadera, chifukwa ndikuona ana aang'ono akulukidwa mpaka maso kukokeka. Dokotala wa khungu wa ku yunivesite ya Cape Town, mayi Nonhlanhla Khumalo, ndi anzake anayeza mitu ya anthu ku Langa, ku South Africa, ndipo zotsatira zinatuluka mu 2007. Pafupifupi mayi mmodzi mwa atatu aliwonse anali atathothoka tsitsi chifukwa cha kukoka, ndipo mwa atsikana asukulu anali 17 pa 100. Amene anali pa chiopsezo chachikulu ndi oluka meshi pa tsitsi lowongola ndi mankhwala, ndendende zimene zinachitikira mng'ono wanga. Apa mpamene pali kusiyana: tsitsi lopsa limalowedwa m'malo ndi latsopano, koma muzu ukakokedwa zaka ndi zaka umafa, pamatsala posalala, ndipo sipameranso. Iye anachita mwayi chifukwa zinali koyamba, patatha miyezi inayi tinayamba kuona timaubweya. Ndiye mukalukidwa n'kufuna Panado kuti mugone, kapena mukaona titsungu m'mbali mwa chipumi, masulani tsiku lomwelo. Ndalama yapita kale, musaperekenso chipumi. Inu oluka, ndikudziwa kuti makasitomala amafuna zolimba zokhalitsa, koma timatsitsi ta kutsogoloto muzitisiya.

Amene sangathe kusiyiratu mankhwala, sindikuweruzani, mutu ndi wanu. Koma pemu ndi dayi zisakumane tsiku limodzi, papite masabata awiri kapena kuposa. Pobwereza pemu padutse miyezi iwiri kapena itatu, ndipo mupake pa latsopano lokha, lakale lija linalandira kale chilango chake. Musakande m'mutu kapena kutsuka dzulo lake. Apa ndiye Vaseline ali ndi ntchito, pakani m'mbali mwa chipumi, m'makutu ndi pakhungu kuti atchinge. Nthawi imene yalembedwa pa katoni ndi yomweyo, muziyang'ana pa foni, osati kuyamba kucheza n'kuiwala. Ndipo ana aang'ono asapakidwe zimenezi, ngakhale pa katoni pali chithunzi cha mwana akuseka.

Sikuti kuuma kulikonse kwa tsitsi ndi kwa mankhwala. Mwana wamng'ono tsitsi likasanduka lofiirira, lopyapyala, lozuka mosavuta, makamaka miyezi ya njala ya Januwale ndi Febuluwale, ameneyo safuna mafuta a m'mutu. Ndi chizindikiro cha kunyentchera, apite ku sikelo, ndipo m'phala mwake mulowe nsinjiro, dzira kapena kapenta wosinja. Zipere za m'mutu sizimva nsatsi, zimafuna mankhwala akumwa a ku chipatala, ndipo zimayenda ndi lezala, makina ometera ndi chipeso chobwerekana. Mayi amene wabereka kumene tsitsi limayoyoka pakatha miyezi itatu kapena inayi, limenelo limabwerera lokha. Koma ngati akumvanso chizungulire ndi kufooka akayezetse magazi.

Amayi atcheya, ndili ndi pempho. Pa msonkhano wotsatira aliyense abweretse katoni kapena kapaketi ka mankhwala a tsitsi amene ali m'nyumba mwake, azibambo inunso musabise anu aja. Tipemphe aphunzitsi atiwerengere za Chipwitikizi, ndipo amene anakhalako ku Zambia atiwerengere za Chingerezi. Ine ndibweretsa chewe wofutsa ndi kabotolo ka mafuta a nsatsi, wina abweretse beseni ndi mutu woti tiyeserepo. Mafunso amene atikanike tilembe, tipereke kwa a wailesi kuti akafunse a zaumoyo pa pulogalamu.